Ndalama za amalonda zimatsata wolipira

M'mwezi wa July chaka cha 2015, atsogoleri a maiko anasonkhana mumzinda wa Addis Ababa kukambirana za komwe kuchokere ndalama zotukulira maiko osauka. Mabanki akuluakulu a chitukuko, kuphatikizapo World Bank, anafika kumeneko ndi ganizo lokoma m'makutu. Anati thandizo la maboma olemera ndi lochepa, limathera m'mabiliyoni, pomwe ndalama zimene zili m'manja mwa amalonda, mabanki, makampani a inshulansi ndi mabungwe osunga penshoni zimawerengedwa m'matiriliyoni. Choncho thandizo lochepalo ligwiritsidwe ntchito pokopa ndalama zochulukazo kuti zidzamange misewu, njanji, madoko, magetsi ndi mipopi ya madzi. Kuyambira pamenepo nduna zambiri za zachuma, zikamawerenga ndondomeko ya chuma m'Nyumba ya Malamulo, zimabwereza mawu amodzimodzi: ntchito iyi tidzaigwira mogwirizana ndi makampani omwe si aboma. Lero tione komwe ndalamazo zapita, chifukwa njira imene zadzera ikuulula chinthu chimene andale sakonda kutchula. Wamalonda amabweretsa ndalama zomangira, zomwe adzafuna kuti zibwerere ndi phindu. Wozibweza ndi munthu wogwiritsa ntchito msewuwo kapena wokhoma msonkho, ndipo kumene wolipirayo sakuoneka, wamalonda safikako.

Tiyambe ndi ziwerengero. World Bank ili ndi kaundula wolemba ndalama zimene makampani alonjeza kuika pa ntchito zoterezi m'maiko amene akutukuka kumene. M'zaka za m'ma 1990 ndalamazo zinakwera mofulumira mpaka 1997, pamene chuma cha maiko a kum'mawa kwa Asia chinagwa, ndalama za ku Thailand ndi ku Indonesia zitataya mphamvu. Amalonda anabwerera m'mbuyo, ndipo mavuto a ku Argentina a chaka cha 2002 anawaonjezera mantha. Zinakweranso mpaka 2012, pamene zinadutsa madola 150 biliyoni, kenako n'kutsika. M'chaka cha mliri wa Covid-19, 2020, zinagwa kufika pafupifupi madola 46 biliyoni. Mu 2022 zinali pafupifupi 92 biliyoni, mu 2023 pafupifupi 86 biliyoni. Izi ndi ndalama za maiko onse otukuka kumene pamodzi, kuyambira ku China mpaka ku Peru. Tsono yerekezani ndi zimene African Development Bank inanena mu 2018, kuti Africa yokha imafunika madola 130 mpaka 170 biliyoni chaka chilichonse pa zomangamanga. Matiriliyoni aja sanabwere. Kafukufuku wina wa World Bank yomweyo, woona ntchito za chaka cha 2017, anapeza kuti pa madola 100 aliwonse oikidwa pa zomangamanga m'maiko amenewa, 83 anachokera ku maboma ndi makampani a boma, ndipo 17 okha ndiwo anachokera kwa amalonda.

Ngakhale zochepazo sizigawika mofanana. Mu 2022, maiko asanu okha, China, Brazil, India, Indonesia ndi Vietnam, anatenga magawo atatu mwa anayi a ndalama zonse. Maiko osaukitsitsa anagawana zotsala za zotsala. Mukaona mtundu wa ntchito, mupeza kuti ndalama zimakonda malo opangira magetsi, makamaka a dzuwa ndi mphepo masiku ano, madoko, mabwalo a ndege ndi misewu ikuluikulu ya m'mizinda yokhala ndi zipata zolipiritsa. Madzi akumwa ndi zimbudzi zimalandira pang'ono, misewu ya kumidzi pafupifupi palibe. Ena amati amalonda ndi adyera, ena amati saidziwa Africa ndipo amaiopa popanda chifukwa. Mwina pali choonadi pang'ono m'mawu onsewa, koma chifukwa chenicheni n'chapafupi. Mwini chigayo amakachiika pamene pali chimanga ndi anthu olipira pomwepo asananyamule ufa. Sakachiika kumudzi kumene njala yakula, ngakhale kumeneko n'kumene chikufunika kwambiri. Doko limalipiridwa ndi eni sitima zapamadzi, m'madola. Msewu wa Nairobi Expressway, wa makilomita 27, umene kampani ya China Road and Bridge Corporation inamanga n'kutsegulidwa mu 2022, umalipiridwa ndi eni magalimoto othawa mdipiti wa mumzinda popita ku bwalo la ndege. Msewu wafumbi wopita ku chipatala chaching'ono cha kumudzi ulibe woulipira, ndipo palibe luso la maloya limene lingampange.

Chitsanzo chomveka bwino tili nacho pakhomo pomwe. Kampani ya migodi ya ku Brazil, Vale, inapeza malasha ochuluka ku Moatize m'chigawo cha Tete, ndipo inafuna njira yowafikitsira kunyanja. Njira yachidule yopita ku doko lakuya la Nacala inali yodutsa m'Malawi. Choncho kampaniyo, mothandizana ndi Mitsui ya ku Japan, inamanga njanji yatsopano kudutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya ku Balaka, n'kukonzanso yakale yodzera ku Liwonde kukafika ku Nayuchi. Njanji yonseyo, kuchokera ku Moatize mpaka ku doko la malasha la Nacala-a-Velha, ndi ya makilomita 912, ndipo pamodzi ndi dokolo inadya madola oposa 4 biliyoni isanatsegulidwe mu 2017. Mabanki anabwereketsa gawo lalikulu la ndalama zimenezi chifukwa wolipira anali wodziwika: mgodi womwewo, umene unkagulitsa malasha ake kunja m'madola. Malawi anapindula, palibe wotsutsa; njanji yolimba chotere boma silikanatha kuimanga lokha. Koma njanjiyo inatsata malasha, ndipo malasha ndiwo amakhala patsogolo pa mzere. Pamene Vale inaganiza zosiya bizinesi ya malasha, inagulitsa mgodi pamodzi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India, pa mtengo wa madola 270 miliyoni mu 2022. Tsogolo la njira yaikulu ya Malawi yopita kunyanja linasintha manja chifukwa cha chigamulo chopangidwa ku Rio de Janeiro. Tsono taonani mbali inayo. Njanji ya kumwera, yopita ku Beira kudzera ku Nsanje, inaduka pa Chiromo ndi madzi osefukira mu 1997. Sinali ndi mgodi kumbuyo kwake. Inakhala zaka zoposa makumi awiri yomera tchire, ndipo pamene ntchito yokonza chigawo cha Marka mpaka Bangula inayamba, ndalama zake zinachokera ku boma.

Wina anena kuti: nanga mafoni? Kodi si amalonda amene anafikitsa foni m'manja mwa mlimi wa ku Chitipa ndi msodzi wa ku Mangochi, boma litalephera kwa zaka makumi ambiri? Ndi zoona, ndipo ndi chipambano chachikulu kuposa zonse cha ndalama za amalonda mu Africa. Mo Ibrahim anayambitsa Celtel pamene mabanki ambiri ankakayika zobwereketsa ndalama ku Africa, ndipo mu 2005 anaigulitsa pa madola 3.4 biliyoni. Koma nkhani ya mafoni ikutsimikizira mfundo yathu yomwe ija. Foni ya m'manja inafala chifukwa cha mayunitsi olipiriratu. Munthu amalipira asanaimbe, akapanda kulipira foni imangoti zii, ndipo palibe amene amapita kukachita zionetsero kwa DC chifukwa mayunitsi ake atha. Nsanja ya foni imamangidwa m'masabata ochepa n'kuyamba kubweza ndalama nthawi yomweyo, pomwe damu limatenga zaka zambiri lisanatulutse magetsi oyamba. Amene amaloza mafoni n'kunena kuti madzi ndi misewu ziyende chimodzimodzi akuiwala kuti kudula madzi a banja losauka ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo boma lililonse limadziwa zimenezi.

Madziwo anayesedwa ndithu. Ku Cochabamba, m'dziko la Bolivia, kampani imene inapatsidwa madzi a mzindawo inakweza mitengo, anthu anadzaza m'misewu mu 2000, mgwirizano unathetsedwa. Ku Dar es Salaam, kampani ya City Water, momwe munali Biwater ya ku Britain, inatenga ntchito mu 2003, ndipo boma la Tanzania linaichotsa mu 2005. Mlandu unakathera ku bwalo la kunja, limene silinapatse kampaniyo chipukuta misozi chilichonse. Katswiri wa World Bank, J. Luis Guasch, atafufuza mapangano oposa 1,000 a ku Latin America ndi ku Caribbean, anapeza kuti 55 pa 100 aliwonse a za mayendedwe ndi 74 pa 100 aliwonse a za madzi anakambidwanso atasainidwa kale, ambiri pasanathe zaka zitatu. Kampani imapambana tenda ndi mtengo wotsika, kenako ikakhazikika imabwerera ku boma n'kunena kuti zinthu zasintha. Pa nthawiyo opikisana nayo anapita kale, ndipo boma silingalole kuti mipopi iume.

Pa magetsi m'pamene nkhaniyi imafunika kuimvetsa bwino, chifukwa m'pamene ndalama zambiri zikulowa tsopano. Kampani yomanga malo opangira magetsi sigulitsa kwa inu ndi ine. Imagulitsa kwa wogula mmodzi, kampani ya boma yogawa magetsi: ESCOM kuno, ZESCO ku Zambia, Eskom ku South Africa. Makampani ambiri oterewa mu Africa amagulitsa magetsi pa mtengo wosakwanira kubweza zimene awononga, magetsi ena amatayika m'nthambo zakale, ena amabedwa, ndipo nthambi za boma zenizenizo zimachedwa kulipira mabilu. Wamalonda akaona wogula wotere amapempha zinthu zitatu asanaike ndalama. Amafuna pangano la zaka makumi awiri kapena kuposerapo lonena kuti adzalipidwa kaya magetsiwo agwiritsidwa ntchito kaya ayi. Amafuna kuti mtengo umangiriridwe ku dola, chifukwa ngongole yake ndi ya madola. Amafunanso chikole cha boma, kuti kampani yogulayo ikalephera, nduna ya zachuma ilipire. Zitatu zonsezi zikaperekedwa, funsani kuti chiopsezo chatsala ndi ndani. Wamalonda watsala ndi chiopsezo cha kumanga ndi kuyendetsa makina, chimene ndi ntchito yake ndipo amaidziwa. Chiopsezo cha kugwa kwa ndalama ya dziko, cha kuchepa kwa ogula ndi cha kulephera kulipira chabwerera kwa wokhoma msonkho.

Ghana inaphunzira izi mowawa. Magetsi atavuta kwambiri cha m'ma 2014 ndi 2015, boma linasaina mapangano ambiri mothamanga, popanda mpikisano weniweni. Pofika 2019, nduna ya zachuma Ken Ofori-Atta inauza Nyumba ya Malamulo kuti dzikolo lili ndi makina otha kupanga mamegawati oposa 5,000 pomwe limafuna pafupifupi 2,700 pa nthawi imene anthu akugwiritsa ntchito kwambiri, ndipo likulipira madola oposa 500 miliyoni pa chaka chifukwa cha magetsi amene silikuwagwiritsa ntchito. Ku Kenya, amalonda anamanga makina 365 opukusa magetsi ndi mphepo pafupi ndi nyanja ya Turkana, a mamegawati 310, n'kumaliza mu 2017. Nthambo ya makilomita oposa 400 yonyamulira magetsiwo inali ntchito ya boma, ndipo kontirakita wake wa ku Spain anagwa. Magetsi anayamba kuyenda mu September 2018, koma pangano linkati eni makina alipidwe kuyambira tsiku limene anali okonzeka, ndipo anthu a ku Kenya analipira mabiliyoni a mashilingi pa magetsi amene sanafike m'nyumba ya munthu aliyense. Ku Zambia, ngongole ya ZESCO kwa kampani ya magetsi a malasha ya Maamba inadutsa madola 500 miliyoni mpaka nkhani inakafika kwa oweruza a kunja. M'malo onsewa wamalonda anachita mbali yake. Chimene chinagwa ndi mbali imene amalonda sangaigwire: nthambo, mitengo yoyenera, ndi kutolera mabilu.

Kuno kwathu, kampani ya JCM Power ya ku Canada inatsegula malo a magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Salima mu 2021, ndi ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire ku Golomoti mu 2022. Anafika pa nthawi yake, chifukwa mu January 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130. Koma mukaunguza eni ndalama zake mupezamo InfraCo Africa, imene imathandizidwa ndi maboma a ku Ulaya, ndi FMO, banki ya chitukuko ya ku Netherlands. M'maiko osauka ndi momwe zimakhalira kawirikawiri: ntchito imalembedwa m'kaundula ngati ya amalonda, koma pansi pake pali ndalama za maboma olemera zimene zavomera kudikira nthawi yaitali kapena kulandira phindu lochepa. Ndipo vuto la dola silichoka. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Dziko lililonse limene ndalama yake imagwa chotere, pangano lomangiriridwa ku dola limakwera mtengo usiku umodzi, pomwe malipiro a mphunzitsi wogula mayunitsi a magetsi ali pomwe anali.

Tsopano tifike pa chitsutso champhamvu kwambiri, chimene nduna iliyonse ingapereke. Boma lilibe ndalama. Zambia inalephera kubweza ngongole zake mu 2020, Ghana mu 2022, Ethiopia mu 2023, ndipo Malawi nayenso ali pa ngongole imene mabungwe a zachuma amati ndi yosasenzeka. Ngati boma silingabwereke, kodi si bwino kuti wamalonda abwereke m'malo mwake, msewu umangidwe lero? Yankho likudalira pa funso lomwe lija la wolipira. Ngati msewuwo uli ndi magalimoto okwanira kubweza ndalama pa zipata, inde, wamalonda wachotsera boma katundu. Msewu wa N4 wochokera ku South Africa kupita ku Maputo, umene kampani ya TRAC yauyendetsa kuchokera mu 1997, ndi chitsanzo. Koma ngati boma ndilo lidzalipire kampaniyo chaka ndi chaka kwa zaka makumi awiri, imeneyo ndi ngongole ndithu, kungoti sinalembedwe m'buku la ngongole. Ndipo ndi ngongole yodula, chifukwa wamalonda amabwereka pa chiwongola dzanja chokwera kuposa cha ngongole zofewa zimene boma limapeza ku World Bank, n'kuikapo phindu lake. Lesotho inamanga chipatala cha Queen 'Mamohato ku Maseru motere, pa pangano la zaka 18 ndi gulu lotsogozedwa ndi Netcare ya ku South Africa. Chinatsegulidwa mu 2011, chokongola, chosamalira odwala bwino kuposa chakale. Mu 2014 bungwe la Oxfam linati chikudya theka la ndalama zonse za unduna wa zaumoyo. Ena anatsutsa chiwerengerocho, koma sanatsutse kuti mtengo unakwera kuposa momwe ankayembekezera, ndipo mu 2021 boma linathetsa panganolo. Chokopa cha mapangano otere kwa wandale n'chakuti iye amadula riboni, wolipira n'kudzakhala boma lobwera pambuyo pake.

Pali enanso amene akamva zonsezi amati: ndiye amalonda achoke, boma limange lokha. Amenewanso sindigwirizana nawo, chifukwa umboni suwavomereza. Ku Uganda, kampani ya Umeme itatenga ntchito yogawa magetsi mu 2005, magetsi oposa gawo limodzi mwa atatu ankatayika kapena kubedwa. Pamene pangano lake la zaka 20 linkatha mu 2025, otayikawo anali atatsika kufika pansi pa gawo limodzi mwa asanu, ndipo olumikizidwa anali atachoka pa ochepera 300,000 kufika pa oposa 2 miliyoni. Anthu ankadandaula mitengo, boma linakana kuonjezera pangano ndipo linalipira madola oposa 100 miliyoni kuti litengenso ntchitoyo, koma nthambo zimene linalandira zinali zabwino kuposa zimene linapereka. South Africa, kuyambira 2011, inayamba kugula magetsi a dzuwa ndi mphepo pa mpikisano wapoyera, malamulo ofanana kwa onse, ndipo m'zaka zinayi mtengo wa magetsi a dzuwa unatsika ndi magawo oposa awiri mwa atatu. Chinthu china chimene chinathandiza kwambiri n'chakuti mapanganowo anali m'marandi, ndipo ngongole zambiri zinachokera ku mabanki a m'dzikomo. Zambia inachita mpikisano wofanana mu 2016 n'kupeza mtengo wa masenti 6 a ku America pa yuniti, umene pa nthawiyo unali mwa yotsikitsitsa mu Africa. Kumbali ina, gulu la Adani la ku India linapita lokha ku boma la Kenya ndi ganizo lotenga bwalo la ndege la Jomo Kenyatta kwa zaka 30, popanda tenda. Nkhaniyo inadziwika chifukwa zikalata zinaululidwa, ogwira ntchito pabwalopo ananyanyala, ndipo mu November 2024 Pulezidenti William Ruto anathetsa zokambiranazo. Kusiyana kwa nkhanizi sikuli pa mtima wa amalonda. Kuli pa boma: lina linadziwa chimene likufuna, linachita kafukufuku wake, n'kuitana ambiri kuti apikisane poyera, lina linadikira kuti wamalonda alibweretsere ganizo ndi mtengo wake womwe.

Nkhope za eni ndalama nazonso zasintha. M'ma 1990 anali makampani a ku America, France, Spain ndi Britain. Lero ambiri ndi a ku China, India, Turkey ndi maiko a Aarabu. DP World ya ku Dubai ili m'gulu loyendetsa doko la Maputo, ndipo mu 2023 inasaina pangano la zaka 30 pa gawo la doko la Dar es Salaam. Ambiri mwa makampani amenewa ndi a maboma a kwawo, choncho amawerengera zambiri kuposa phindu lokha: njira za malonda, ubale wa ndale, ndi miyala ya mtengo wapatali. Njanji ya Lobito ku Angola, imene gulu la Trafigura, Mota-Engil ndi Vecturis linapatsidwa kwa zaka 30, ikuthandizidwa ndi America ndi maiko a ku Ulaya chifukwa kumapeto kwake kuli kopa ndi kobati wa ku Congo ndi ku Zambia, wofunika popanga mabatire. Ndi nkhani ya Nacala yomwe ija, mwala wasintha dzina. Dziko lokhala ndi mgodi lidzapeza njanji. Funso limene atsogoleri ake ayenera kulimbikira pa tebulo n'lakuti feteleza, mafuta, chimanga ndi anthu apaulendo adzapatsidwa malo otani pa njanjiyo, pa mtengo wanji, ndipo izi zilembedwe m'pangano sitima yoyamba isanadutse.

Chinthu chatsopano chimene chiyenera kuyang'aniridwa mwatcheru ndi ndalama za penshoni za m'maiko momwemo. Msewu wa Lusaka mpaka Ndola, wa makilomita 327, unaperekedwa mu 2023 kwa gulu la Macro Ocean pa pangano la zaka 25, pa mtengo wa pafupifupi madola 650 miliyoni, pomwe pangano la boma lakale la 2017 linali la madola 1.2 biliyoni. Gawo lalikulu la ngongole yake likuchokera ku NAPSA, bungwe losunga penshoni ya ogwira ntchito a ku Zambia. Ganizoli lili ndi nzeru. Penshoni imasungidwa kwa zaka makumi ambiri, monga momwe msewu umabwezera ndalama pang'onopang'ono, ndipo phindu limatsala m'dziko. Koma anthu a ku Zambia anafunsa funso loyenera: ngati ndalama ndi zathu, wamalonda wabweretsa chiyani? Pali chiopsezonso china. Bungwe la penshoni limene akuluakulu ake amasankhidwa ndi boma limavutika kukana ntchito imene pulezidenti walonjeza pa msonkhano. Msewu wa Lusaka ndi Ndola uli ndi magalimoto akuluakulu a migodi usana ndi usiku, choncho wolipira alipo. Tsiku limene njira yomweyi idzagwiritsidwe ntchito pa msewu wopanda magalimoto, wotaya adzakhala wopuma pantchito.

Pa mtsinje wa Shire, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, pali mathithi a Mpatamanga, pamene pakukonzedwa damu la mamegawati oposa 350, loposa malo ena aliwonse opangira magetsi m'Malawi. Mu 2022 boma linasankha EDF ya ku France ndi Scatec ya ku Norway kuti zitsogolere ntchitoyi, ndipo pambuyo pake gawo la Scatec linagulidwa ndi TotalEnergies. Mtengo wake ukuyembekezeka kudutsa madola 1.5 biliyoni. Mu May 2025 World Bank inavomereza thandizo la madola 350 miliyoni pa ntchitoyi, ndipo popanda ndalama zofewa zotere magetsi ake akanakhala odula kwambiri kwa wogula wa ku Malawi. Malawi akufunika damu limeneli, ndipo njira ya mpikisano imene inatsatidwa posankha makampani ndi yabwino kuposa ya Ghana. Zimene aphungu ndi atolankhani ayenera kupempha kuti aone ndi mapepala: yuniti imodzi idzagulidwa pa mtengo wanji, gawo lotani la mtengowo lamangiriridwa ku dola, ndani adzalipire chaka chimene madzi a mu Shire adzachepe monga anachitira mu 2016 ndi 2017, nthambo zonyamulira magetsiwo zidzatha liti, ndipo chikole chimene nduna ya zachuma idzasaine ndi cha ndalama zingati.